Pepala lokulungira katundu la chinangwa ndi ulusi wa nthochi: pomwe tafika

Izi ndi zolemba za kagulu kathu kuno ku Thyolo. Tikuyesa kupanga pepala lopyapyala lokulungira katundu kuchokera ku sitachi wa chinangwa, ulusi wa m'thunthu la nthochi ndi mafuta a zomera, loti likatha ntchito munthu n'kuliponya kudzala, liwole. Ndazisanja motsatira miyezi chifukwa nyengo ndi imene yakhala ikulamula zotsatira zathu kuposa chilichonse chimene timathira mumphika.

Meyi

Poyamba aliyense pagulu pano ankafuna jumbo basi, yoti munthu aikemo tomato kapena usipa pamsika. Malamulo a dziko lino a chaka cha 2015 amaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60, omwe ndi mamilimita 0.06. Makampani ena anakatenga ziletso kukhoti, Khoti Lalikulu la Apilo linagamula mu Julayi 2019 kuti lamulolo ligwire ntchito, milandu ina inabweranso, mpaka kumayambiriro kwa 2025 pamene bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA linayambanso kulikhwimitsa. Gloria Majiga-Kamoto wa m'dziko muno analandira mphoto ya Goldman, ya oteteza chilengedwe, mu 2021 chifukwa cha nkhondo yomweyi. Lamulolo ndi labwino, koma limangochotsa jumbo m'manja mwa mayi wogulitsa mandasi osamupatsa china choikamo. Ambiri abwerera ku nyuzipepala zakale ndi mapepala a m'makope a ana, omwe inki yake imatsalira pa chakudya cha mafuta.

Chinangwa tikutolera zidutswa ndi tating'onoting'ono totsala kwa ogulitsa, chowawa ndi chosawawa chomwe. Timasenda, kutsuka, kunyenya pa lata lobowola ndi msomali, kuthira madzi, n'kufinya pa nsalu yoyera. Madziwo amatuluka oyera mbee. Akagona usiku umodzi timatsanula a pamwamba, pansi n'kutsala sitachi wolimba wochita kupala ndi supuni. Timamutsuka kangapo tisanamuyanike. Poizoni wa m'chinangwa chowawa, amene amachititsa anthu a ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota kuchiviika masiku angapo asanasinje ufa wa kondowole, amasungunuka m'madzi, ndipo hydrogen cyanide amene amatulukamo amauluka pa madigiri 26 okha. Kutsuka, kuyanika ndi kuphika kumachotsa wambiri. Komabe madzi otsanulawo sitisiya poti mbuzi kapena nkhuku zingafike.

Muyezo woyambira ndi uwu: magalamu 5 a sitachi, mamililita 100 a madzi, gilisarini galamu 1 ndi theka. Timaphika pamoto wochepa, kuvundula osaleka. Pakati pa madigiri 60 ndi 70 madzi oyera aja amasanduka phala loonekera mkati, ndipo timapitiriza mpaka cha m'ma 80 kuti sitachi yense apse. Kenako timathira m'thireyi yosalala, yoikidwa pamalo osapendekera.

Mapepala oyamba sanaume n'komwe. Chiperoni chinatsika, dzuwa osaoneka, ndipo phala lija linachita nkhungu lili m'thireyi momwemo. Tapanga kabokosi koumitsira, kokutidwa ndi galasi pamwamba, kokhala ndi mabowo m'mbali ndiponso babu m'kati wothandiza masiku a mitambo ngati magetsi alipo.

Juni

Mwezi wonse wapita ndi gilisarini. Ntchito yake ndi kulowa pakati pa tizingwe ta sitachi kuti tizitha kusuntha. Akachepa, pepala limaphwanyika ukangolipinda. Akachuluka limachita nyamata, kumatirira ku zala ndi ku mapepala anzake. Takhazikika pa magalamu 25 mpaka 30 pa magalamu 100 alionse a sitachi. Uja wodzola wa m'magolosale tamusiya chifukwa wina amakhala ndi fungo lothiramo, lomwe sitikulifuna pafupi ndi chakudya; tikugula wa kufamase.

Pepalali limachita ngati tsamba la fodya m'chigafa: m'mamawa kuli chinyezi limafewa, umatha kulipinda mmene ukufunira, koma masana kukauma limakhakhala n'kuyamba kuthetheka m'mphepete. Pepala limodzi lomwelo, tsiku limodzi lomwelo. Choncho pa chilichonse chimene tikuyeza tsopano timalembaponso nthawi ndi mmene kunja kwachera, apo ayi manambalawo ndi opanda tanthauzo.

Chinanso chimene taona n'chakuti pepala limauma mtima likamakhalitsa. Lomwe linali lofewa sabata yoyamba limayamba kukhakhala pakapita milungu ingapo, chifukwa tizingwe ta sitachi timabwererana n'kugwirana tokhatokha. Ndiye pa mphika uliwonse timasunga zidutswa zoti tidzayezenso mtsogolo. Sitachi wa chinangwa ali ndi amylose (tizingwe towongoka tolimbitsa pepala) wochepa, cha m'ma 17 mpaka 20 pa 100 alionse, pamene wa chimanga amapitirira pamenepo. N'chifukwa chake pepala la chinangwa limatuluka loyera bwino, loonekera mkati, koma lopanda mphamvu. Payekha sitachiyu sangapite patali.

Julayi

Uno ndi mwezi wa ulusi, ndipo ndi gawo limene latikomera kwambiri.

Nthochi imabereka kamodzi. Mkoko ukadulidwa, thunthu limagwetsedwa n'kuwolera pomwepo, ndiye palibe amene tikumulanda chakudya. Thunthulo ndi madzi okhaokha, pafupifupi magawo 90 pa 100, moti kulisenza n'kudzivutitsa. Timalisenda m'munda momwemo, kuyala khoko lililonse pa thabwa n'kulipala ndi mpeni wobuntha mpaka kutsala ulusi woyera, wautali, wonyezimira pang'ono. Pali chifukwa chinanso chogwirira ntchitoyi m'munda. Matenda a chisaka anatha nthochi zambiri ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay, ndipo amafala ndi nsabwe za nthochi komanso mphukira zodwala. Sitikufuna kukhala ife osamutsa matenda pakati pa minda ya anthu. Chotuluka m'munda ndi ulusi wopalapala basi, ndipo umayanikidwa kaye padzuwa.

Ulusi wongouma sugwirizana ndi sitachi. Uli ndi cellulose wambiri, amene ndiye tikumufuna, koma wakutidwa ndi lignin ndi zomatira zina zomwe zimauletsa kugwirana ndi phala. Pofuna kuzichotsa timauwiritsa pafupifupi ola limodzi m'madzi a kositiki uja wopangira sopo, magalamu 50 pa lita imodzi. Apa amayi a gulu la sopo omwe tili nawo ndi amene akutitsogolera, poti iwo kositiki amamudziwa: amathiridwa m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi kuthiridwa pa iye; magulovesi ndi magalasi a maso n'zosakambirana; ndipo poto wa aluminiyamu, amene ali m'khitchini iliyonse, saloledwa chifukwa kositiki amamudya n'kutulutsa mpweya wa hydrogen umene umayaka. Tikugwiritsa ntchito poto wa chitsulo chosachita dzimbiri. Madzi amada bii, ulusi n'kufewa. Timatsuka mpaka kuterera kuthe, kuthira viniga pang'ono, kutsukanso, kusinja mumtondo ulusi uli wonyowa, kupera mu bulenda, n'kusefa.

Mmodzi mwa amayiwa, wamkulu pa tonsefe, ataona mtengo wa kositiki anangoti, "Ana inu, chidulo mwachiiwala?" Anacheza chidulo cha phulusa la makoko a nthochi ndi zitsononkho monga amachitira pophika therere, koma chokhathamira kwambiri. Chimagwiradi ntchito, chifukwa phulusa lotere lili ndi potassium carbonate. Mphamvu yake ndi yocheperapo, ndiye kuwiritsa kumatenga nthawi yaitali, nkhuni zimapita zambiri, ulusi umatsala woderako ndi wokhakhala. Vuto lina n'lakuti chidulo cha lero sichifanana mphamvu ndi cha mawa. Komabe ndi chaulere ndipo sichiwotcha munthu mmene amachitira kositiki. Kwa ine, ngati ntchitoyi idzafike m'midzi, idzafika ndi chidulo. Tikuyendetsa njira zonse ziwiri.

Ulusi wopera timathira magalamu 5 mpaka 10 pa magalamu 100 a sitachi. Poyeza mphamvu timadula kachidutswa kotambalala masentimita 2, kukapachika pa msomali, kumangirira botolo kunsi n'kumathiramo madzi mpaka kaduke, kenako kuyeza botololo pasikelo. Pepala la ulusi likunyamula madzi ambiri ndithu kuposa la sitachi yekha, ndipo likang'ambika pang'ono silipitirira mpaka kumapeto. Ukapyola muyezo uja, ulusi umaundana timibulu, ndipo pambali pa kambulu kalikonse ndi pomwe pepala limadukira. Limasiyanso kuonekera mkati, zomwe ogulitsa sangakondwe nazo poti wogula amafuna aone chimene akugula.

Tinayesako khonje. Ndi lolimba mopitirira, silitheka kupera msanga ndi zida zomwe tili nazo. Talisiya.

Ogasiti ndi Seputembala

Ulusi wathetsa vuto la mphamvu, koma la madzi ayi. Sitachi amakonda madzi, gilisarini amakonda madzi, cellulose nayenso chimodzimodzi. Dontho likagwera pa pepala, pomwepo pamatupa n'kufewa. Mafuta tikuwathira kuti atseke njira ya madziwo.

Vuto loyamba ndi lodziwika: mafuta ndi madzi sizisakanikirana. Ukathira mafuta m'phala n'kuvundula ndi supuni zimaoneka ngati zatheka, koma pepala likamauma pang'onopang'ono timadontho timakwera pamwamba n'kuphatikizana. M'mawa umapeza mbali ya pamwamba ili noninoni, ya pansi ilibe kanthu, ndipo pomwe panali dontho lalikulu patsala kabowo. Zinayamba kuyenda titapeza lecithin wa soya, amene amagwira mafuta mbali ina ndi madzi mbali ina, n'kumapera zonse mu bulenda phala lidakali lotentha. Thovu limene bulenda amabweretsa timalidikira litsike tisanathire m'thireyi.

Mafuta a mpendadzuwa ndi otsika mtengo ndipo amapezeka paliponse, koma patapita milungu ingapo pepala lake linayamba kununkha chiwawa cha mafuta okalamba. Ali ndi linoleic acid wambiri, amene sachedwa kuwonongeka ndi mpweya, makamaka atayalidwa mopyapyala chonchi. Mafuta a njere za cham'mwamba, omwe mbali yaikulu ndi oleic acid, sakusintha fungo mpaka pano, koma mtengo wake ndi wa zodzola, osati wa pepala lokulungira mtedza wa pamsewu. Mafuta a nsatsi amafewetsa pepala bwino kwambiri, moti amalola kuchepetsa gilisarini. Koma njere za nsatsi zili ndi poizoni woopsa wotchedwa ricin, ndipo mafuta oyengedwa pakhomo sitingawaike pafupi ndi chakudya. Tawasiyira mapepala okulungira sopo.

Tinathirakonso mafuta onunkhira a lemongrass, udzu uja anthu amathira mu tiyi. Ali ndi citral amene amalimbana ndi nkhungu, ndipo mapepala ake akuchedwadi kuchita nkhungu kusiyana ndi ena. Koma amauluka msanga, wambiri amathawa pophika ndi poumitsa, wotsalayo n'kulowa m'chakudya. Mtedza wa fungo la mandimu palibe anaufuna. Pa sopo fungolo ndi phindu.

Mafuta alionse amachotsako mphamvu imene ulusi unabweretsa, chifukwa dontho lililonse ndi malo pomwe sitachi sakugwirana ndi mnzake. Ukawonjezera ulusi kuti ubwezere mphamvuyo, nsonga zake zimatulukira pamwamba n'kumakoka chinyezi kulowetsa m'kati. Takhala tikukokana pamenepa miyezi iwiri yathunthu.

Chimene chasintha zinthu si mafuta othira m'kati, koma phula la njuchi lopaka kunja. Limasungunuka cha pa madigiri 63. Timalisakaniza ndi mafuta pang'ono kuti lisathetheke popinda, kulipaka ndi burashi, n'kudutsitsa simbi yofunda pamwamba pa nsalu kuti lifalikire. Dontho la madzi limangokhala pamwamba osalowa. Pa mpindiro ndi m'mphepete modulidwa ndi momwe madzi akulowerabe.

Kunena mwapambali, mafuta amene ndikanakonda kuyesa ndi a tung, omwe amauma okha akakumana ndi mpweya, ndipo ku China akhala akupakidwa pa maambulera a pepala kuyambira kale. Mtengowu unalimidwapo kuno: mzinda wa Mzuzu unakula kuchokera pa minda ya tung ya Colonial Development Corporation kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Njere zake ndi zapoizoni, ndiye angathandize pa katundu wosadyedwa yekha.

Okutobala

Tayamba kuyeza chinyezi chodutsa pa pepala. Timaika silica gel wouma, timibulu toyamwa chinyezi, m'kabotolo ka pakamwa papakulu, kutseka pakamwapo ndi pepala, kumata m'mbali ndi phula, n'kuika kabotoloko m'ndowa yovindikira momwe muli mbale ya mchere wonyowa. Mchere wa kukhitchini wokhuta madzi umasunga chinyezi cha 75 pa 100 m'chotengera chotseka, kaya kunja kwacha bwanji. Tsiku lililonse timayeza kabotolo pasikelo. Kulemera kowonjezereka ndi madzi amene adutsa. Kabotolo kena timatseka ndi chidutswa cha jumbo kuti tiziyerekeza.

La sitachi yekha likudutsitsa madzi ambiri, la mafuta m'kati likuchepetsako, la phula likuchepetsa kwambiri, koma kabotolo ka jumbo sikasuntha n'komwe. Kusiyanako si kwa pang'ono ayi. Pomwe sitachi amapambana pulasitiki wa jumbo ndi potchinga mpweya wa oxygen, umene umawononga mafuta a mtedza, koma zimenezo zimatheka pepala likakhala louma.

Kutentha kwa mwezi uno kumanyenga. Mapepala akuuma tsiku limodzi, akuoneka okongola, ndipo alendo obwera kudzaona akuti tiyambe kugulitsa. Ndawauza kuti tidikire mvula. Komanso titayeza kukhuthala kwake ndi micrometer yobwereka, mapepala athu ambiri akupitirira mamaikironi 100. Lamulo sitikuliphwanya, koma zikutanthauza kuti thumba lililonse likudya sitachi wambiri.

Kumata matumba ndi makina otentha aja omatira mapepala a pulasitiki sikukugwira bwino, msoko umatseguka. Kunyowetsa m'mphepete ndi phala la sitachi lomwelo n'kupanikiza kukugwira bwinopo, bola pamenepo tisapakepo phula.

Novembala ndi Disembala

Mvula yagwa ndipo yatiuza zoona. Mapepala opanda phula omwe anali pa shelefu afewa, amatana, ena achita nkhungu. A phula apirira. Mphemvu ndi makoswe nazo zapeza chakudya; tsopano tikusunga zonse m'zigoba zotseka bwino, ndipo aliyense wodzagulitsa mapepalawa adzayenera kuchita chimodzimodzi.

Tinapereka timatumba kwa amayi ochepa ogulitsa malonda kuti ayese. Pa mandasi ndi zitumbuwa zotentha, nthunzi imafewetsa thumba wogula asanafike patali. Pa tomato ndi nsomba zaziwisi n'zosayamba n'komwe. Pa mtedza wokazinga wogulitsidwa tsiku lomwelo kapena mawa lake likuchita bwino, koma wa masiku angapo umafewa. "Achimwene, mtedza wolobodoka agule ndani?" anatero mayi wina, ndipo sananame. Kwa ine nkhawa yaikulu ndi chuku. Mtedza ukayamwa chinyezi umamera nkhungu imene imatulutsa aflatoxin, poizoni wowononga chiwindi. Choncho sitidzauza munthu aliyense kuti asungiremo mtedza, ufa kapena chimanga kwa nthawi yaitali. Makolo athu ankasunga mfutso m'chikwatu cha masamba a masuku, koma chikwatucho ankachipachika pa tsindwi la khitchini pomwe pali utsi ndi kutentha. Shelefu ya m'golosale m'mwezi wa Disembala ilibe zimenezo.

Pa sopo ndiye zayenda. Sopo wa amayi aja wokulungidwa m'pepala la ulusi, mafuta a nsatsi ndi lemongrass akuoneka bwino, tiulusi tooneka m'pepalamo ogula akutikonda, ndipo sopo amafunika kupuma kuti apitirize kuuma.

Za kuwola sizinatipatse mutu. Tinakwirira zidutswa zoyezedwa kulemera m'dothi la m'dimba, zitaikidwa m'kaukonde kuti tizitha kuzifukula. Za sitachi yekha zinatha msanga, za ulusi zinatsala ulusi wokhawokha kenako nawonso unatha, za phula zikuchedwerapo. Zomwe tinakwirira kumunda wa kumtunda zinadyedwa ndi chiswe tisanaziyeze n'komwe. Chidutswa cha jumbo chomwe tinakwirira pambali chikutuluka chili chimodzimodzi. Tikuchita zimenezi chifukwa si thumba lililonse lolembedwa kuti limawola lomwe limawoladi m'dothi. Mu 2019 Imogen Napper ndi Richard Thompson a pa yunivesite ya Plymouth anaonetsa kuti matumba ena otere ankathabe kunyamula katundu wa m'sitolo atakhala m'dothi zaka zitatu. Ngakhale muyezo wa ku Ulaya wa zokulungira zowola, EN 13432, umanena za manyowa a m'mafakitale otentha cha pa madigiri 58, osati dzala la kuseri kwa nyumba.

Januwale

Tagwirizana kusiya maganizo a jumbo. Matumba a sitachi amene amanyamuladi katundu wa pamsika, monga a Mater-Bi a kampani ya Novamont ku Italy, amapangidwa posakaniza sitachi ndi mapulasitiki ena owola, m'makina okankha phala lotentha n'kulifufumitsa ndi mpweya. Njira yathu yothira m'thireyi imatenga tsiku kapena masiku awiri pa pepala limodzi, ndipo kuphika kumadya nkhuni. Kupikisana ndi jumbo pa mtengo sitingathe. Ndiponso ntchito ikakula, zotsala za ogulitsa sizidzakwana, n'kuyamba kugula chinangwa chimene anthu akanadya. Mwezi ngati uno, pamene nkhokwe zambiri zapepuka, funso limenelo silifuna kuyankhidwa mothamanga.

Tatsala ndi njira zitatu. Pepala lokulungira sopo ndi katundu wina wouma wosadyedwa ndi lokonzeka, tikungofuna mathireyi ambiri ndi kabokosi kena koumitsira. Timatumba ta zakudya zouma zodyedwa tsiku lomwelo tidikira kaye. Tikukonza zotumiza zitsanzo ku Malawi Bureau of Standards kuti akaone ngati mwatsala cyanide kapena kositiki, ndipo zotsatira zisanabwere sitigulitsa kalikonse kokhudza chakudya.

Yachitatu ndi machubu a mbande za mitengo. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, ndipo aliyense amene anadzalako amadziwa mulu wa machubu akuda otsala m'mphepete mwa munda. Chubu chodzalidwa limodzi ndi mbande chingachotse muluwo, mizu osasokonezeka. Koma chiyenera kupirira kuthiriridwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi ingapo ku nazale, chinthu chimene pepala lathu silingathe panopa. Apa tatembenuza muyezo: ulusi wambiri wosapera kwambiri, sitachi wochepa wongomatira, phula mbali zonse ziwiri. Ena tikuthiramo citric acid n'kuwatenthetsa atauma, chifukwa asidiyu amalumikiza tizingwe ta sitachi kuti tisamasungunuke msanga m'madzi. Akachuluka amadula tizingweto m'malo motilumikiza, ndiye tikuyamba ndi wochepa. Machubu oyamba tafesamo nsangu ndi mtangatanga sabata ino, pambali pa machubu a pulasitiki a msinkhu womwewo, ndipo onse akuthiriridwa mofanana. Zolemba zotsatira zidzabwera mu Marichi, titaona kuti ndi ati amene angathe kunyamulidwa kupita kumunda osabooka pansi.